Achimwene, ndinabwera pa lichero?

Ndimayang'anira makompyuta pa kampani ina ya alonda ku Braamfontein, kuno ku Joni. Mlonda akafika komanso akamaweruka amadinda chala pa kamakina, nthawiyo n'kukalembedwa mu database (nkhokwe ya zolembedwa pa kompyuta) ya PostgreSQL. Seva yathu, kompyuta yosunga zonsezi, inkayendera UTC, nthawi ya dziko lonse yofanana ndi ya ku Greenwich, choncho malipoti ankatsalira ndi maola awiri. Lachisanu madzulo abwana anati ndikonze. Mtima unali kale pa takisi ya ku Turffontein, ndiye ndinati kantchito aka n'kophweka ngati kumwa madzi.

Ndinatsegula postgresql.conf, fayilo yoikamo malamulo a mmene database iziyendera. Johannesburg ili patsogolo pa UTC ndi maola awiri, chimodzimodzi Blantyre. Ndinalemba timezone = 'Etc/GMT+2', kenaka SELECT pg_reload_conf(); kuti seva iwerengenso fayiloyo (reload), ndipo inayankha kuti t, kutanthauza true. Seva sinazime ngakhale pang'ono. Ndinatseka laputopu ndikudziyamikira ndekha.

Osadziwa kuti mayina a Etc/GMT amatsata malamulo a makompyuta otchedwa POSIX, komwe chizindikiro chimatembenuka: +2 ndi kumadzulo kwa Greenwich, maola awiri kumbuyo kwa UTC. Kampani yonse ndinali nditaisamutsira pakati pa nyanja ya Atlantic. Ndipo ka t kaja kamangotanthauza kuti uthenga watumizidwa kwa seva, sikanena kuti walemba zanzeru.

Lolemba m'mawa akapitawo athu, bambo a ku Mangochi osakonda nthabwala, anandipeza ndikuthira shuga mu tiyi. Pepala lili m'manja, likunjenjemera.

"Achimwene, ine ndimafika 6 koloko m'mawa. Apa mwalemba kuti ndinafika 2 koloko usiku. Ndinabwera pa lichero?"

"Madala, khalani kaye pansi."

"Ndikhale bwanji? Mwalembanso kuti ndinathawa 2 koloko masana! Abwana akufuna kundidula malipiro!"

Kumbuyo kwawo kunali anyamata atatu, iwo akumwetulira, akufunsa za alawansi ya usiku.

Ndinalemba Africa/Johannesburg, dzina lomwe ndikanayamba nalo pachiyambi pomwe, n'kupanganso reload, ulendo uno n'kuonetsetsa ndi SHOW timezone. Ndimati zatha. Ayi ndithu: amene anakonza database ija anagwiritsa ntchito timestamp wamba, yosunga nthawi mosalabadira dera, m'malo mwa timestamptz yomwe imalabadira dera, ndiye zonse zodindidwa kuyambira Lachisanu zinasungidwa zolakwika momwemo. Tiyi anazizira m'kapu ndikuwonjezera maola anayi pa zolembedwazo, madala ataimirira kumsana kwanga, chala chili pa dzina lawo.

Mpaka lero tikakumana pa geti sandipatsa moni. Amangoyang'ana wotchi yawo, n'kufunsa: "Kwanuko kunyanja yakwana nthawi yanji?"