Chaka choti tilembe pa chiliza cha agogo

Amalume anandiimbira masana ndili kuntchito. Ati mmisiri wa chiliza akufuna mawu oti azokote pamwala lisanafike Loweruka, ndiye ndiwatumizire dzina la agogo, vesi, chaka chobadwa ndi chomwalira. Chomwalira palibe vuto, tonse tinalipo. Chobadwacho ndiye chatiyambanitsa.

"Ungotenga cha pachitupa chija, nkhani ithe," anatero amalume.

"Amalume, cha pachitupa chija si choona, inunso mukudziwa."

"Nanga tilembe chiyani, mwana iwe? Chaka cha dzombe?"

Iwo anaseka. Ine mtima unangoti phwii, mpaka pano sunakhazikike.

Chitupa chimenechi ndi cha unzika, cha kalembera wa 2017 uja. Amene anawaperekeza agogo ndi msuweni wanga, ndipo atafunsidwa chaka anangotchula chimene chinamubwerera m'mutu kuti mzere uyende. Tikatsata chaka chimenecho, ndiye kuti pa njala ya 1949 agogo anali kamtsikana kosadziwa n'komwe kusinja. Chonsecho nkhani imene anatiuza kambirimbiri, tili pamkeka madzulo kwathu ku Lirangwe, ndi yakuti njala imeneyo inawapeza ali ndi mwana kumbuyo, amayi aakulu, malemu. Mvula inadula chimanga chisanamasule, minda yonse ya chigawo cha Blantyre inapserera. Amuna ambiri ankachoka ati kukasaka chakudya, ena osabweranso. Agogo ananyamuka ndi anzawo wapansi kukasuma cha ku Ntcheu, kulima m'minda ya eni kuti alandire kadengu ka chimanga, pobwerera katundu pamutu mwana kumsana. Ankati chimene sadzaiwala ndi kulira kwa mwana woyamwa bere lopanda mkaka.

Ndiye wina andiuze kuti tichotsepo zaka zimenezo? Ukachotsa zakazo wachotsanso ulendo umenewo, ngati kuti anausimba ndi munthu wina.

Ndinayesa kuwafotokozera zimenezi amalume. Anandimvetsera ndithu, kenaka anati, "Zonsezo ndikuzidziwa, ndi mayi anga. Koma simenti ndagula, mmisiri ndamupatsa kale theka, ndipo anthu a ku Joni atenga kale tchuthi. Iwe uli m'tauni, zovuta za kuno sukuziona." Pamenepo ndinasowa chonena, chifukwa ndi zoona. Mwini mbumba ndi iwowo. Agogo atasiya kuyenda, amene ankawanyamula kuwatulutsa panja kuti aothere dzuwa ndi amalume omwewa pamodzi ndi amayi. Munthu wotere sungamuyankhe mothamanga.

Ntchito ya masana onse sinayende. Ndinangoyang'ana kompyuta, maganizo ali kumudzi. Ndinakumbuka mmene agogo ankakokotera nkhoko mumphika mpaka mbee, mmene ankadana ndi mwana wotaya mkute. Tili ana tinkayesa kuuma manja. Tinadzamvetsa mu 2002, njala itavutanso, pamene anatulutsa matumba a makaka ndi zikwatu za mfutso zimene ankasunga kudenga osauza munthu. Ana a nyumba zinayi ankadyera pakhomo pawo, ndipo aliyense ankamuitana ndi dzina lake, ngakhale zidzukulutudzi zimene ife tomwe tinkazisokoneza.

Ana awo anawalera pafupifupi okha. Agogo aamuna ankapita ku migodi ya ku Joni pa Wenela, bungwe lolemba anthu ntchito za kumigodi, kubwera ndi bulangete ndi sutikesi, kukhala pang'ono n'kubwereranso, mpaka ulendowo unaletsedwa mu 1974 ndege yonyamula anthu ochokera kumigodi itagwa ku Francistown, m'dziko la Botswana. Zaka zonsezo khasu linali la agogo, msonkho wa pakhomo, fizi, matenda a ana, zonse. Anaona Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chikubwera n'kutha, anaona ufulu wa 1964, anagwira mapaundi ndi mashereni kwacha isanabwere mu 1971. Pa riferendamu ya 1993 anadzuka m'mamawa kukaima pamzere, koma mpaka kumwalira sanatiuze ngati anasankha nyali kapena tambala wakuda. Ukawafunsa ankangoti, "Zimenezo n'za ine ndi Mulungu wanga." Lachinayi lililonse bulauzi yoyera, duku loyera, ulendo ku Mvano, ngakhale maso atayamba kuchita khungu.

Sindikudziwa chifukwa chake lero zikundiwawa kuposa tsiku la maliro. Mwina poti tsiku lija kunali anthu, nyimbo za amayi a Mvano, mapoto pamoto, munthu sumapeza mpata woganiza. Lero ndili ndekha m'nyumba ya lendi, magetsi azima, ndipo ndikuwerengetsa zaka pa zala.

Usiku uno ndaimbira amayi. Iwo akuti agogo ankanena kuti dzombe lija litagwa anali atayamba kale kutumidwa kumadzi, ndipo ankathandiza kulitola m'mamawa lisanauluke. Dzombe lalikululo linali la m'ma 1930. Ndiye kuti anabadwa chisanafike kapena chakumayambiriro kwenikweni kwa zaka zimenezo, osati zimene zili pachitupa. Ndinati, "Mwaonatu amayi, auzeni achimwene anu." Amayi anakhala chete pang'ono, kenaka anati, "Mwanawe, usakangane ndi amalume ako chifukwa cha nambala. Agogo ako sakanakondwa." Ndinawafunsa ngati tingangolemba tsiku lomwalira lokha. Akuti ayi, anthu adzati banja lonseli palibe amene ankadziwa zaka za mayi wawo.

Atatsala pang'ono kudula foni anakumbuka kuti agogo anabatizidwa ali mtsikana, asanakwatiwe, ndipo mwina kutchalitchi kuli kaundula wakale. Mawa m'mawa amayi apita kukaonana ndi alembi a mpingo. Amalume sitinawauze, ndipo sindikudziwa kuti ndiyambira pati kuwapempha kuti mmisiri ayambe wadikira.