Loko pathumba la apongozi

Makina anga opeta ndinagula kwa mnzanga amene anabwera nawo kuchokera ku Joni. Ndi a singano imodzi, fulemu yake ya masentimita 10 mbali zonse. Nsalu ya patebulo sivuta: umayala kapepala kolimbitsa pansi pake, n'kuipana mufulemu mpaka ikungike ngati ng'oma, basi dina batani. Koma chipewa, sokosi, mkono wa malaya, zimenezo zimakutulutsa thukuta chifukwa sizilola kupanidwa.

Sabata ya chinkhoswe cha mlamu wanga, apongozi aamuna anandiitana. Ndinanjuta chapatali.

"Mkamwini, ndamva muli ndi makina olemba mayina. Mundilembere PHIRI pathumba la shati iyi."

Mkamwini sakana. Shatiyo inali yokhuthala, thumba lili pafupi ndi mabatani, moti fulemu inakana kutseka. Ndinachita zimene timachita zikatere: kupana kapepala kokha mufulemu, kukapopera guluu, n'kumata shati pamwamba. Kumbuyo kwa shati ndinakupinda n'kukugwiritsa ndi mapegisi, poti apa ndi pamene anzathu amasokera chifuwa ndi msana pamodzi. Ine ayi, ndine katswiri. Zilembo zinatuluka zonenepa, za ulusi wagolide. Ndinamva singano ikulira mwachilendo pa H, koma ndinati ndi kukhuthala kwa nsalu.

Ndinakaipereka Loweruka m'mawa, anthu akukwera kale lole.

Itakwana nthawi ya perekaniperekani, woyendetsa mwambo anakuwa: "Bambo a mkwatibwi atiphunzitse kufupa!" Apongozi ananyamuka, kuvina pang'onopang'ono, chifuwa patsogolo kuti aliyense awerenge. Atafika palichero anapisa dzanja m'thumba. Zinangolowa nsonga za zala. Anayesa ndi dzanja linalo. Anayesa chala chimodzi cha m'mbali, uku akuvinabe. Nyimbo inatha, woimbitsa n'kuiyambitsanso. Amayi a kuchimuna anayamba kukodolana.

Anandifunafuna ndi maso mpaka anandipeza kuseri kwa mpando. Sanadziwe kuti maikolofoni ili pafupi.

"Mkamwini, ndinati mulembe dzina, sindinati muike loko!"

Anthu anaseka mpaka ena kugwira nthiti. Ndinathamanga chowerama, n'kuwapatsira ndalama zanga za minibasi, iwo n'kufupa nazo mwaufumu, osasiyako ngakhale imodzi. Mkazi wanga anangondinong'oneza: "Bambo a mwana, thumba limayamba lafumulidwa, kupeta, kenako kulisokereranso. Ngakhale ine ndimadziwa." Ankadziwa, koma Lachisanu usiku anangondiyamikira ulusi wagolide.

Madzulo ndinakhala pakhonde ndi lezala, kudula ulusi umodziumodzi, apongozi ali pampando wandalema kuyang'anira. Ulusi wopeta zilembo umathithikana, ndipo ukaukoka mwankhanza umasiya chibowo. Thumba litatseguka munatuluka ma K2,000 atatu opindidwa, amene anawasungamo dala kuti asawadye chinkhoswe chisanafike. Singano inali itadutsa onse. Pankhope ya John Chilembwe panali timabowo tondondozana bwinobwino.

Apongozi anatenga imodzi, kuiyang'ana panyali, n'kugwedeza mutu.

"Ntchito mumaitha, mkamwini. Taonani, R akuoneka. Izi zili ndi dzina langa, wakuba sangazitenge, ndisunga. Inu mawa mundibweretsere zitatu zina zosalemba."