Ngati kafa, nanga kanyali aka?

Funso la mphwanga silikundichoka m'mutu, ndiye bola ndilembe ndisanagone.

Kabolodi kanga ka zamagetsi ka Blue Pill, kaja kokhala ndi chip ya STM32F103C8, madzulo ano kanasiya kuyankha ST-Link, kachipangizo kolowetsera pulogalamu mu chip kuchokera pa kompyuta. Ndinali nditangokalowetsa pulogalamu yatsopano, ndipo kuyambira pamenepo OpenOCD, pulogalamu ya pa kompyuta yoyendetsa ST-Link, inkangonena kuti sikupeza target, ndiye kuti chip ija. Ndinasintha mawaya, kuzula USB n'kubwezera, kangapo konse. Zii. Ndinayamba kuwerengera masabata odikira kena kochokera ku China, mtima ukuwawa.

Mphwanga, amene wabwera kudzakhala nafe pa holide, anali pambali akukukuta chimanga chootcha. Ndinamuuza kuti kafa basi.

"Achimwene, ngati kafa, nanga kanyali aka kakuphethira bwanji?"

Ndinamukalipira kuti asamalowerere zomwe sakuzidziwa. Zimenezi ndiye zikundisowetsa mtendere mpaka pano, chifukwa mwanayo ananena zoona. Kanyali kaja, LED ya pa pini ya PC13, kankaphethira ndendende mmene ndinalembera. Purosesa inali moyo, ikugwira ntchito yake bwinobwino. Chomwe chinatsekeka ndi khomo lolowera debugger, ndiye kuti ST-Link ija, lotchedwa SWD. SWD imadutsa pa mapini a PA13 ndi PA14, ndipo ineyo mu CubeMX, pulogalamu yosankhira ntchito za mapini a chip, ndinasiya Debug pa "No Debug". Chip ikangotuluka mu reset imawerenga mu flash, mosungira pulogalamu, stack pointer pa 0x08000000, adiresi yoyambira pa 0x08000004, n'kuyamba ulendo, ndipo munthu asanaphethire n'komwe pulogalamu yanga imakhala yazimitsa kale SWD. ST-Link ikamafika imapeza kotseka.

Mankhwala ake ndi kuigwira chip ikadali mu reset, pini ya reset yotchedwa NRST ili pansi, kenako n'kuiimitsa isanaponde sitepe yoyamba. Koma mapini anayi a kumapeto kwa Blue Pill ndi 3.3V, SWDIO, SWCLK ndi GND basi, NRST palibe. Panafunika chala chodina batani la reset.

"Iwe, tabwera. Dina batani ili, usasiye mpaka ndikuuze."

Anabwera osayankha. Tinayesa katatu, iye kudina, ine kulemba lamulo la reset halt mu OpenOCD, koma sitinkakumanizana nthawi, mwina iye wafulumira kusiya, mwina ine ndachedwa. Sanadandaule. Sanandiyang'anenso.

Sindikudziwa kuti inali nthawi yanji pamene ndinakumbukira za jumper ya BOOT0, kapulagi kosankhira kumene chip iyambire. Nsima inali itazizira kale patebulo. Ndinasuntha jumper kupita pa 1, n'kudina reset. Ikatero chip siyamba ndi pulogalamu ya mu flash, imapita ku bootloader, pulogalamu yobadwa nayo ya pa 0x1FFFF000, ndipo imeneyo mapini a SWD siiwakhudza. Kanyali kanazima, OpenOCD n'kulumikiza pompo. Ndinafufuta flash yonse, ndinakonza Debug kukhala Serial Wire, SWD ija, jumper n'kubwerera pa 0.

Ndinatembenuka kuti ndimuonetse kuti taona, kuzima kwa kanyali ndiye kwatsegula njira. Mpando unali wopanda munthu, chitsononkho chili pa mbale.

Ndakhala ndikuganiza kuti ndinafulumira bwanji kunena kuti kafa. Zaka zonsezi ndikugwira timabolodi iti, maso anga anali pa uthenga wa pa kompyuta, ake anali pa kabolodi penipenipo. Ndimafuna azikonda zinthu izi, nanga ndi mayankhidwe aja?

Mawa ndiwotcherera waya pa NRST kuti tisamavutikenso ndi chala. Mwina ndimupatse iyeyo agwire soldering iron. Kuchipinda kwake nyali ikadali yoyaka, koma sindinagogode.