Septiki yathu inatichititsa manyazi

Abale inu, chaka chatha mu February mvula ili pachimake kuno ku Dedza toileti yathu inangoyamba kubweza madzi, kuseri kwa nyumba fungo lake osapumika. Apulambala atatsegula chivundikiro cha septiki, thanki ya pansi imene imalandira zonyansa za mtoileti, ndinasowa poyang'ana, mapampasi a mwana, mapadi, majumbo, ndiye mizu ya bulugamu amene ndinadzala ndekha pafupi ndi sokawe, dzenje lomwe madzi ochoka mu septiki amalowerera pansi, inali italowa mpaipi yonse.

Chomwe sindinkadziwa nchoti mu septikimo mumakhala tizilombo timene timawoletsa zonyansazo, ndiye ife daily kumakhuthulira Jik wambirimbiri mtoileti kumatipha tomweto. Mafuta otsalira mmapoto nawonso amakaundana mpaipi, makamaka ndi kuzizira kwathu kuno mu June.

Pano mtengo uja tinadula, madzi a padenga tinawapatutsira kwina asamathere musokawe, ndipo palibenso woyimika galimoto pa silabu ya septiki, ingaphwanye. Galimoto yopopa inabwera, ndalama zake zinandiwawa zedi, koma tagwirizana ndi abambo akunyumba kuti tizipopetsa pakatha zaka 3 kapena 4 osadikira fungo. Alendo akafika ndimawauziratu kuti mtoileti ndi tishu yekha basi.