Nambala yachilendo sindiyankhanso msanga

Abale anga, dziwani kuti nambala yomwe sindikuidziwa ikaimba, ndimaisiya ilire kaye. Si mwano ayi. Akuba a pafoni achuluka: wina akuti mwawina mphoto, wina akuti watumiza ndalama molakwitsa ku Airtel Money kapena Mpamba yanu, mumubwezere. Musanabweze, yang'anani kaye balansi, chifukwa meseji yabodzayo amailemba okha. PIN musauze munthu, ngakhale anene kuti ndi wakukampani. Chimandiwawa kwambiri ndi agogo athu kumudzi, omwe amakhulupirira aliyense wolankhula mwaulemu. Tiwachenjeze chonde.

Nambala zakunja zongofulasha musaziimbire, zimadya mayunitsi.

Mukandisowa, musavutike ndi voicemail, sindimvera kawirikawiri. Lembani meseji, mutchule dzina lanu ndi nkhani yake, ndikuimbirani.