Zikomo nonse amene munandisenza mpaka pulogalamu ya azakhali yayamba kugwira ntchito

Lachisanu lapitali ndinalandira satifiketi ya maphunziro apamwamba opanga mapulogalamu a pa kompyuta, aja oika m'kompyuta momwemo n'kumagwira ntchito popanda intaneti. Pepalalo ndasunga bwino m'sutikesi. Koma chandilembetsa mawu awa ndi zimene ndinaona Loweruka m'mawa pa sitolo ya azakhali ku Ulongwe, ku Mozambique. Mlimi wafika ndi nyemba pa njinga, mtsikana wa pa sikelo wayeza n'kulemba makilo m'pulogalamu imene ndinapanga ine, kamakina katulutsa lisiti, mlimi uja watenga ndalama zake pa zenera n'kumapita. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anandiyang'ana. Ndinaima kuseri kwa matumba a soya, misozi ili lengelenge.

Azakhali, ndiyambe ndi inu, chifukwa ndinu amene munalipira mtengo wa umbuli wanga. Kwa zaka zambiri mwakhala mukugula nyemba, soya ndi chimanga kwa alimi a ku Angónia ndi ku Tsangano, zonse mukulemba m'makope. Nditakuuzani kuti ndikufuna kuyesera pa bizinesi yanu zimene ndikuphunzira, munangoti, "Yesa mwanangu, koma makope anga usawataye." Munachita bwino kuwasunga.

Anthu ena adziwe zimene zinachitika. Kwathu kuno polemba makilo khumi ndi awiri ndi theka timalemba 12,5 ndi vírgula, monga m'Chipwitikizi. Pa laputopu yanga zonse zinkayenda bwino, popeza Windows yake ndi ya Chipwitikizi. Koma kompyuta ya pa sitolo anaigula ku Malawi, inadutsa pa chipata cha m'malire cha Calómuè ili ya Chingerezi, ndipo m'Chingerezi theka limalembedwa ndi kadontho, vírgula ntchito yake n'kungolekanitsa masauzande. Ndiye mtsikana akalemba 12,5 pulogalamu inkataya vírgula ija mwakachetechete n'kuwerenga 125. Sinadandaule, sinaonetse cholakwika chilichonse. Linali tsiku la msika, anthu piringupiringu, woyeza ali kwina wolipira ali kwina. Alimi atatu analandira ndalama kuchulukitsa kakhumi. Madzulo powerengera, azakhali anakhala chete nthawi yaitali, kenako anandiimbira foni n'kufunsa ngati ndadya. Za ndalamazo anandiuza pomaliza penipeni. Usiku umenewo tulo sindinatione.

Kwa inu bambo a ku Domwe amene m'mawa mwake munapalasa njinga kubweza ndalama zimene sizinali zanu, dzina lanu sindilemba pano, koma pakhomo pathu timakutchulani. Awiri enawo sitinawaonenso.

Aphunzitsi anga a ku Tete, Lolemba lotsatira ndinabwera kudzakuuzani kuti ndikusiya. Simunandinyengerere. Munatsegula khodi yanga, malamulo aja amene ndinalembera kompyuta, n'kuloza mzere umodzi wokha pamene ndinkasandutsa zolembedwa kukhala nambala osauza pulogalamu kuti itsate kalembedwe ka dziko liti. Munandilembetsa mayeso odziyendera okha, oti nthawi iliyonse ndikasintha kanthu aziyesa 12,5 ndi 12.5 zonse ziwiri. Munandionjezera lamulo lakuti pulogalamu izifunsa kaye ikaona kulemera kosayenerana ndi thumba limodzi. Tsiku lomwelo munandiletsa kusunga ndalama mu mtundu wa manambala wotchedwa double, munati za ndalama zimakhala mu mtundu wina wotchedwa decimal, ndipo munandionetsa pa sikirini kuti kompyuta ikaphatikiza 0,1 ndi 0,2 mu double yankho lake silikhala 0,3 yeniyeni. Ndinaseka osakhulupirira, mpaka nditayesa ndekha.

Ndikuthokozeninso chifukwa chondikakamiza MVVM, njira yogawa pulogalamu m'zigawo, ngakhale ndinkakunenani mumtima. Poyamba ndinkaunjika zonse kuseri kwa batani: kuwerengera, kusunga, kusindikiza, mulu umodzi ngati kaunjika wa pa msika. Inu munkati chooneka pa sikirini chikhale pachokha, malamulo a bizinesi akhale paokha, zosungidwa zikhalenso pazokha. Ndinkaona ngati n'kuchulukitsa mafayilo pachabe. Phindu lake ndinaliona pamene azakhali anati akufuna mawu a pa sikirini akhale m'Chichewa ndi m'Chipwitikizi momwe. Ndinasintha nkhope yokha, za m'kati osazikhudza.

Anzanga ena ankandiseka kuti bwanji ndikuvutika ndi C# ndi WPF, chilankhulo cholembera khodi ndi chida chopangira masikirini, zinthu zimene Microsoft inatulutsa kalekale, C# mu 2002 ndipo WPF mu 2006, pamene dziko lonse lathamangira ku mapulogalamu a pa foni ndi a pa intaneti. Yankho langa lili pa sitolo paja. Mvula ikagwa netiweki n'kuthawa, mlimi amene wayenda kuchokera m'bandakucha sangauzidwe kuti adikire. Zonse za azakhali zimakhala mu SQLite, kafayilo kamodzi kamene amakakopera pa fulashi Loweruka lililonse. Amene anaipanga SQLite mu 2000, D. Richard Hipp, anaipereka kwa aliyense ulere, ndiye naye alandire zikomo wanga kumene aliko. Magetsi akazima pakati pa kulemba, zimene zalowa zimalowa zonse kapena sizilowa n'komwe, palibe lisiti lotsala theka. Izi ndinaziyesa pozula chingwe cha kompyuta dala kangapo konse, azakhali akundiyang'ana ngati ndapenga.

Mtsikana wa pa sikelo, mlongo wanga, iwe ndiwe unandiphunzitsa kakonzedwe ka sikirini kuposa buku lililonse. Ndinabwera ndi mabatani okongola, mitundu yowala, timazithunzi ta matumba. Unayesa kwa ola limodzi n'kundiuza kuti, "Achimwene, manja anga amakhala ndi fumbi la soya, mbewa ya kompyuta iyi ikundichedwetsa, ndipo manambala awa ndi aang'ono, dzuwa likalowa pakhomo sindikuwaona." Ndinachotsa zokongola zonse. Lero umangogwiritsa ntchito mabatani a pa kiyibodi: dzina la mlimi, Tab, mbewu, Tab, makilo, Enter, lisiti latuluka, maso ako ali pa sikelo. Ndiwenso unandiuza kuti pulogalamu imauma ukapempha lipoti la mwezi, iwe n'kumaidina kawirikawiri poganiza kuti yafa. Apo ndi pamene async ndi await, mawu awiri a mu C#, anandilowa m'mutu: ntchito yolemera izichitikira kumbali, sikirini ikhale ikuyankha.

Amayi, laputopu imene ndalembera zonsezi inachokera m'munda mwanu. Mbatatesi ya chaka chija munati ndi ya malata a khitchini, koma ndalama zake zinalowa pa M-Pesa yanga ndi uthenga wachidule wakuti ndigule makinawo. Khitchini ikadali ya udzu mpaka lero. Ndaziona, ndipo malipiro anga oyamba ndikudziwa kopita.

Achimwene ndi alamu anga ku Matundo, mumzinda wa Tete, munandisunga miyezi yonseyi m'nyumba ya zipinda ziwiri. Ine mwana wa ku mapiri ozizira, kutentha kwa Tete mu Okutobala ndi Novembala, kopitirira madigiri 40, kunkandifooketsa, ndipo laputopu nayo inkazima yokha itatentha. Alamu ndinu munaganiza zoikhazika pa njerwa ziwiri kuti mpweya uzidutsa pansi, n'kundipatsa fani yanu usiku inu mukugona thukuta lili kamukamu. Achimwene, simunawerengepo ndalama za chapa, minibasi ija, zondiwolotsa mlatho wa Samora Machel m'mawa ndi madzulo, kapena mayunitsi a magetsi amene ndinkatha ndikulemba khodi mpaka tambala woyamba.

Msuweni wanga wa ku Dedza, zikomo chifukwa cha Chingerezi. Kalasi inali ya Chipwitikizi, malangizo ambiri a zida zimenezi ali m'Chingerezi, ine kuganiza ndimaganiza m'Chichewa. Ndinkakutumizira ndime zondizunguza pa WhatsApp pakati pa usiku, iwe wosadziwa n'komwe za khodi, n'kumandimasulira liwu ndi liwu. Anzanga a m'kalasi, makamaka iwe amene unandiphunzitsa Git, chida chosunga mbiri ya zosintha zonse za khodi, nditafufuta ntchito ya masabata awiri, mowa wanu ulipo.

Lolemba ndikupita ku Domwe kukaika pulogalamuyi kwa wamalonda wachiwiri, mnzawo wa azakhali amene anaiona ikugwira ntchito n'kuifuna. Chatsala chondivuta n'chimodzi: kamakina kosindikiza malisiti kakumalemba zinthu zachilendo pamene payenera kukhala ã ndi ç, moti feijão, nyemba m'Chipwitikizi, akutuluka ngati dzina la mankhwala. Ndikuyesa code page 860, mndandanda wa zilembo za Chipwitikizi umene kamakina kamatsata, usiku uno. Amene munalimbanapo ndi timakina timeneti, ndilembereni lisanafike Lolemba.