Chimanga, njoka ya m'nyumba mwathu ku Rosettenville

Kwathu ku Ntcheu njoka sitiifunsa dzina. Ikaoneka pabwalo wina amakuwa, wina amathamangira mpini wa khasu, ndipo za mtundu wake timakambirana itafa kale. Ndinakula choncho, ndipo ndinabwera nazo choncho kuno ku Joni, kumene ndimasamalira maluwa ndi kapinga m'nyumba za ku Randburg. Ndiye mwana wanga wamwamuna atabwerako ku ulendo wa sukulu ku Johannesburg Zoo n'kunena kuti akufuna kuweta njoka, ndinangoseka n'kumuuza kuti akasambe. Amayi ake sanaseke. Anangoti, "Bambo ake, mwana uyu mumulankhule."

Anandikakamira miyezi itatu osatopa. Koma chimene chinandifewetsa si kulira kwake ayi. Tsiku lina kuntchito ndikusuntha mulu wa njerwa, panatuluka kanjoka kofiirira, ine fosholo phaa. Abwana aakazi anakajambula, n'kutsegula app ya African Snakebite Institute, bungwe la a Johan Marais, n'kundionetsa chithunzi chake. Inali brown house snake, yopanda ululu, yodya makoswe omwewo amene ankatiboolera matumba a chakudya cha agalu mu shedi. Sanandikalipire, koma ndinabwerera kunyumba ndili ndi manyazi.

Maganizo anga oyamba anali a Chimalawi kwenikweni: ndigule chifukwa chiyani chinthu chimene chili mbwee m'njerwa? Ndikangogwira ina kuntchito. Safunsa anadya phula, mwayi ndinafunsa. Ku Gauteng njoka ya m'dziko muno suisunga popanda chilolezo cha boma la chigawo, ndipo kungoitola kutchire ndi mlandu. Nsato ndiye osayerekeza n'komwe, ndi yotetezedwa ndi lamulo. Ndinaseka ndekha kuti ife obwera timagona tulo tosakoma chifukwa cha mapepala, pomwe pa njoka ndi mbadwa imene ikufunsidwa pemiti. Komanso munthu wosadziwa njoka ngati ine akhoza kutola mwana wa rinkhals, ija yochuluka kuno, yolavulira ululu m'maso, yodziwanso kunamizira kufa. Malamulo amenewa amasiyana chigawo ndi chigawo, moti amene ali ku Cape Town kapena ku Durban asatengere za ku Gauteng, afunse kwawoko.

Tinatsala ndi mitundu iwiri yakunja imene aliyense woweta amatchula kwa woyamba kumene: ball python ndi corn snake. Mwanayo mtima wake unali pa ball python. Ndi yokongoladi, yonenepa, yochokera kumadzulo ndi pakati pa Africa, ndipo ikaopa imadzikulunga ngati mpira m'malo moluma. Vuto lake ndi kunyanyala. Imatha kukana chakudya miyezi ingapo popanda kudwala, ndiye iwe wosazolowera mtima uli m'mwamba. Imafunanso chinyezi, pamene Joni nthawi yozizira ndi kouma kosweka nako milomo. Corn snake kwawo ndi kumwera chakum'mawa kwa America, madera ngati Florida ndi Georgia. Ilibe ululu, imapha mbewa poifinya, sivuta kudya, ndipo ikakula imafika mita imodzi ndi theka kapena kucheperako, yowonda ngati chala chachikulu n'kupitirirako pang'ono. Ine ndinasankha imeneyi, ndipo ndikanati ndiyambirenso ndikanasankha yomweyo.

Pali chimodzi chimene ndinakhala nacho pansi usiku wonse. Corn snake imakhala zaka 15 mpaka 20 ikasamalidwa bwino. Mwana amene akuifuna lero adzamera ndevu iyo ikadali moyo. Nanga ife a kuno timadziwa kuti tili kuno mpaka liti? Si katundu woti ungaponye m'chikwama n'kukwera naye basi kudutsa pa Beitbridge, Nyamapanda mpaka pa Mwanza. Nyama yamoyo siidutsa malire popanda zikalata. Ndinayamba ndagwirizana ndi woweta amene tinagulako kuti zikadzavuta adzailandiranso. Amene mukuganiza zogula, funso limeneli muliyankhe musanaone n'komwe mtundu wa khungu lake.

Kenako zilolezo za pakhomo, zimene zinali zovuta kuposa za boma. Eni nyumba athu ndi gogo wina wa Chipwitikizi, mwa aja anakhazikika kalekale ku Rosettenville. Anavomera mosavuta, bola chotsekera chikhale cholimba. Amayi a mwana ndiwo anaika malamulo atatu: isalowe kuchipinda chogona, iwo asauzidwe kuti aigwire, ndipo mbewa zake zisakhudzane ndi ndiwo zathu mufiriji. Ndinagula kontena yakeyake yotsekeka bwino n'kuilemba ndi cholembera chakuda kuti MBEWA.

Nyumba ya njoka imayamba kukonzedwa njoka isanabwere. Kwa kamwana sipafunika galasi lalikulu, kamachita mantha pamalo potakasuka. Ndinagula bokosi la pulasitiki la zotsekera za m'mbali, n'kuboola timabowo ta mpweya ndi msomali wotenthetsa pa sitovu, tating'ono kwambiri kuposa mutu wake. Pansi pa bokosilo, chakunja, mbali imodzi yokha, ndinaika heat mat, kachimkeka kotentha ndi magetsi, kokwana gawo limodzi mwa magawo atatu a pansipo. Njoka sidzipangira kutentha m'thupi ngati ife, imachita kukusaka, choncho mbali ina ikhale yofunda, madigiri 28 mpaka 30, mbali ina yozizirirapo, cha m'ma 22 mpaka 24, iyo izisankha yokha. Pobisala pakhale pawiri, kofunda ndi kozizira. Ine ndinatenga timiphika ta maluwa tosweka m'mphepete kuntchito n'kutivundikira. Mbale ya madzi ikhale yolemera yoti singagubuduzike. Pansi ndinayala mapepala opukutira m'manja a kukhitchini, chifukwa pa oyera chilichonse chachilendo chimaoneka msanga. Utuchi wa paini ndi wa cedar ayi, mafuta ake amaipweteka.

Pa thermostat, kachipangizo kolamulira kutentha kwa mkekawo, ndinafuna kuchenjera. Ndinaona ngati ndi kungowononga ndalama, poti mtengo wake unkaposa wa njokayo. Woweta uja anandiuza pa foni mosapsatira kuti popanda imeneyo sandigulitsa. Mkeka wosalamulidwa umatentha mopitirira, ndipo njoka imatha kugonapobe mpaka kupsa pamimba. Ndinagula. Ndinayatsa zonse masiku atatu bokosi lili lopanda kanthu, ndikuyeza m'mawa ndi usiku, mpaka manambala atakhazikika.

Tinakaitenga Loweruka lina mu February 2023, cha ku East Rand, nyengo imene ana a njokazi amakhala ataswedwa kumene. Ndinali nditalemba mafunso pa kapepala. Lalikulu linali lakuti yadya kangati, ndipo yadya zotani. Musagule kamwana kamene sikanayambe kudya. Kakhale kuti kadya katatu kapena kanayi motsatizana, mbewa zakufa kale zosungunula. Woweta weniweni amakhala ndi kakhadi kolembapo masiku. Ndiye anandiika kanjokako m'manja. Ndinene zoona, mawondo anagwedezeka. Kanali kotalika ngati rula ya kusukulu, kouma, kosalala, osati konanda ngati mmene ndinkaganizira, lilime likungotuluka lende lende. Anandionetsa poyang'ana: maso owala, kukamwa kotsekeka bwino kopanda thovu, kupuma kopanda kaphokoso, kotulukira chimbudzi koyera, ndipo m'mbali mwa maso ndi pansi pa chibwano musakhale timadontho takuda toyenda, tomwe ndi nthata zake. Atakatembenuza, pamimba pake panali mawanga akuda ndi oyera ngati chimanga cha makolo chija chosakanikira njere. Mwana pomwepo anati dzina lake ndi Chimanga.

Pobwerera tinakwera taxi, njoka ili m'kathumba ka nsalu komanga pakamwa, kathumbako kali m'kontena ya chakudya cha kusukulu pamiyendo pa mwana. Mayi wina wonenepa amene anakhala pambali pake anamufunsa m'Chizulu ngati wasunga makeke. Mwana anangogwedeza mutu. Ine thukuta lili kamukamu mpaka tinatsika.

Sabata yoyamba ndi yongoyang'ana. Osaigwira, osaidyetsa, kungosintha madzi basi. Kuona maso a nkhono n'kudekha, koma kauzeni zimenezo mwana wa zaka 11.

Za chakudya ndiye zinandiseketsa mpaka misozi. Ine amene ndinakula ndikukumba mbewa m'minda tikakolola, n'kumaziona zili ndandanda pa timitengo m'mbali mwa msewu wa M1, lero ndikutulutsa ndalama kugula mbewa zoyera zouma ndi chisanu, zoti idye njoka. Kamwana kamayamba ndi ma pinkie, tiana ta mbewa tosamera ubweya, kamodzi pa masiku 5 mpaka 7. Ndimaika kambewako m'kapulasitiki, n'kukamiza m'madzi ofunda mpaka kafewe mpaka m'kati. Ndimakafinya pamimba ndi chala kuti ndimve ngati mulibe kuzizira. Mu microwave ayi. Ndimakapereka ndi kopanira, ndikukagwedeza pang'ono patsogolo pake, iyo n'kukhapa, n'kuyamba kumeza kuyambira kumutu. Kukula kwa mbewa kuzilingana ndi ponenepa kwambiri pa thupi la njokayo, kupitirira pang'ono pokha. Mbewa yamoyo sindipereka, ikhoza kuiluma. Za m'munda kapena makoswe a mu shedi ndiye ayi ndithu, mwina adya mankhwala a makoswe.

Ikadya isagwidwe masiku awiri. Lamulo limeneli tinaliphunzira ndi mphuno. Mwana anabwera ndi anzake awiri ine ndili kuntchito, njoka itadya dzulo lake, n'kumapatsirana m'manja. Madzulo tinapeza yasanza kambewa kosagayika, fungo lake losaneneka. Ikatero sumathamangira kuipatsa china. M'mimba mwake mumafuna masiku 10 mpaka 14 kuti muchire, kenako uyambe ndi kakang'ono. Kuyambira tsiku limenelo pa bokosi pamakhala kapepala ka tsiku limene yadya. Ndipo aliyense woigwira amasamba m'manja ndi sopo, chifukwa zokwawa zimatha kukhala ndi salmonella, kachilombo kotsegula m'mimba.

Patapita masabata angapo, amayi a mwana, omwe aja anati alibe nazo ntchito, anandiimbira foni kuntchito: "Bambo ake, chinthu chanu chija chachita khungu." Maso anali atachita mbuu ngati mkaka wothira madzi, thupi lotuwa, chakudya ikukana. Kunali kufuna kufundula. Maso amayera kaye, kenako pakapita masiku ochepa imadzikhuza pa mphika n'kutuluka m'chikopa ngati sokosi yovula motembenuza. Poti kuno n'kouma, ndimaika kabokosi ka mapepala onyowa kuti izilowamo. Ikamaliza ndimatambasula chikopacho n'kuona ngati zophimba m'maso ziwiri zilipo ndiponso kansonga ka mchira, chifukwa chotsalira kumchira chimamanga magazi mpaka nsongayo kuuma.

Mayeso enieni anali chisanu. Joni ali pamtunda wa mamita oposa 1,700, ndipo June ndi July usiku kumazizira mpaka kapinga kuyera. Chaka chimenecho magetsi ankazima pafupifupi tsiku lililonse, nthawi zina maola anayi osayaka, ndipo pa 10 July kunagwa chipale chofewa mu mzinda muno, ana n'kumajambula mumsewu. Magetsi akazima mkeka uja umazizira. Ndinkawiritsa madzi pa gasi, kuthira m'botolo, kulikulunga ndi thawulo, n'kuliika kunja kwa bokosi chakofunda kuja, kenako bulangeti pamwamba, kusiya mpata wa mpweya. Corn snake imapirira kuzizira kwa maola angapo, koma osati ili ndi chakudya m'mimba, chifukwa popanda kutentha sichigayika, chimaola. Ndiye ndinkayamba ndaona ndandanda wa kuzima kwa magetsi ndisanasungunule mbewa, ndipo sabata zoipitsitsa ndinkangodumphitsa. Njoka siifa chifukwa chophonya chakudya kamodzi.

Inathawapo kamodzi, ndipo wolakwa ndinali ine, ndinasiya chotsekera chimodzi osakanikiza. Tinasanthula nsapato zonse, kuseri kwa mipando, amayi a mwana ali pamwamba pa bedi miyendo atapinda. Woweta uja anati titseke zitseko, tiwaze ufa pansi m'mbali mwa makoma n'kuzimitsa magetsi, poti imayenda usiku motsata khoma. M'mawa mzere unali bwinobwino pa ufa wathu wa nsima, kulunjika kuseri kwa firiji, pamene injini imafunditsa. Inali itadzipinda pamenepo ngati palibe chachitika.

Pano Chimanga wapitirira mita, ali m'nyumba yamatabwa ya galasi kutsogolo yokhala ndi loko, ndipo amadya mbewa yaikulu imodzi pa masiku 10 mpaka 14. Ntchito yake pa sabata ndi yochepa kuposa ya nkhuku.

Za anthu ndiye ndinalibe poyezera. Nkhani inafika kutchalitchi kwathu kuti ndakhwima, ndili ndi njoka yosanza ndalama, n'chifukwa chake ndinagula njinga yamoto. Alamu anga anabwera okha Lamlungu lina, atavala jekete, n'kukana kukhala pansi. Anati, "Alamu, anthu akuyankhula. Ngati pali zimene munachita, tiuzeni tipemphere." Ndinawayankha kuti ikanakhala yosanza ndalama sibwenzi ndikudzuka 5 koloko kukatchetcha kapinga wa eni, ndipo chimene yasanzapo chibwerereni ndi kambewa kamodzi kowola. Sanaseke. Mlongo wawo yemwe uja anakwera pabedi ndiye anatsegula galasi, n'kuitulutsa, n'kuisiya ikuyenda pa mkono pake. "Achimwene, taikhudzani kumchira kuno." Anaikhudza ndi chala chimodzi, n'kupukuta chalacho pa buluku, kenako anakhala pansi n'kufunsa mtengo wa mbewa imodzi. Atamva anagwira pakamwa, nati kwathu ndalama imeneyo ndi ndodo yathunthu, zothira kale mchere.

Amayi ku Ntcheu sitinawauzebe. Tikamawaimbira pa WhatsApp, mwana amathamanga kukaphimba galasi lija ndi chitenje, ndipo sabata yatha Amayiwo anafunsa kuti kodi wailesi yakanema imeneyo bwanji simuiyatsa.